Kasitomala aone kaye ndi maso musanagule nsalu kapena penti

Makalata ambiri amene afika pa tebulo lathu mwezi uno achokera m'boma la Mangochi, ndipo ngakhale eni ake amagwira ntchito zosiyanasiyana, ambiri akudandaula za chinthu chimodzi, chomwe ndi kusamvana ndi kasitomala pa nkhani ya kaonekedwe ka ntchito. Tasankhapo asanu, ndipo ena tawafupikitsa kuti akwane pa tsamba.

FUNSO: Alangizi, ine ndimakongoletsa malo a maukwati, zinkhoswe ndi maphwando kuno ku Mangochi. Mwezi watha mayi a mkwatibwi wina adandiuza kuti akufuna holo ikhale ya buluu ndi golide, komanso ioneke yapamwamba. Ndidakwera basi mpaka ku Limbe kukagula nsalu, ndidachezera usiku wonse ndikukongoletsa, koma kutacha mayiwo adati buluu ameneyo si amene ankanena, ndipo mpaka lero akukana kumaliza malipiro. Mwana wanga akuti ndiyambe kupanga mood board. Kodi chimenechi n'chiyani, ndipo chikadandithandiza motani? Ndine mayi wokongoletsa, Mangochi boma.

YANKHO: Pepani mayi ndi zimene zidakuonekeranizo, koma mwana wanuyo wakuuzani zanzeru. Mood board ndi bolodi kapena tsamba limodzi pamene mmisiri amasonkhanitsapo zithunzi, tizidutswa ta nsalu, mitundu ya penti, kalembedwe ka zilembo ndi tinthu tina togwirika, kuti iye ndi kasitomala wake aone ndi maso komwe ntchito ikulowera ndalama zisanayambe kutuluka m'thumba. Si pulani ya holo ayi, pakuti silinena kuti tebulo la akwati lidzaikidwa pati kapena kuti mipando idzakhala ingati. Limangoyankha funso lakuti mlendo akadzangolowa pakhomo adzaona chiyani, ndipo mumtima mwake adzamva bwanji. Okonza zovala, okongoletsa m'nyumba, opanga mafilimu ndi otsatsa malonda akhala akugwiritsa ntchito njira imeneyi kuyambira kale makompyuta asanafale, pamene ankadula zithunzi m'magazini ndi sizasi n'kumazimata pa katoni, ndipo pa ntchito ngati yanuyi njira yakaleyo ikadali yabwino koposa.

Mlandu wanu udagona pa mawu awiri, buluu ndi yapamwamba. Ife akunyanja tikuyenera kudziwa kuposa wina aliyense kuti buluu si mmodzi. Mukaima pagombe ku Nkopola m'mamawa nyanja ili bata, madzi amaoneka otuwa ngati afunda nkhungu. Dzuwa likafika paliwombo amawala mpaka kuthobwa m'maso. Mwera ukawomba m'mwezi wa June amada bii ngati inki. Zonsezo mukafunsa munthu adzakuuzani kuti ndi buluu. Chichewa chathunso chimawonjezera vutoli, chifukwa mawu ake a mitundu ndi ochepa ndipo liwu lililonse limasenza katundu wambiri: tikati chinthu n'chofiira tikhoza kutanthauza magazi, tomato wakupsa, dothi la katondo kapena njerwa yootcha. Mawu akuti yapamwamba ndiye oopsa kwambiri. Kwa wina holo yapamwamba ndi yodzaza nsalu zonyezimira ndi timagetsi tothwanima mpaka kudenga, pamene kwa wina ndi ya nsalu yoyera yosalala, maluwa ochepa ndi malo opumirapo maso. Inu ndi mayi aja mudagwirizana pakamwa, koma aliyense adachoka ali ndi chithunzi chakechake m'mutu, ndipo zithunzi ziwirizo zidakumana koyamba m'mawa wa tsiku la ukwati, nthawi yosintha itatha kale.

Bolodi labwino limayamba ndi kucheza, zithunzi zimabwera pambuyo. Khalani pansi ndi eni mwambo, muwafunse ngati mwambowo udzachitike masana kapena usiku, m'holo, m'tenti kapena pamchenga, ngati ndi ukwati wa kutchalitchi kapena wa Chisilamu (nikah), ndiponso zimene akwati ndi operekeza adzavale, chifukwa zokongoletsa zanu siziyenera kulimbana ndi diresi la mkwatibwi. Funso limene ine ndimaliona lothandiza kwambiri ndi lakuti, kodi ndi ukwati uti umene mudapitako koma kakongoletsedwe kake sikadakusangalatseni, ndipo chidakunyansani n'chiyani? Anthu ambiri amavutika kufotokoza chimene akufuna, koma chimene sachifuna amachidziwa bwino ndipo amachinena mosazengereza. Musanasiyane apempheni akupatseni mawu atatu okha ofotokoza momwe akufunira kuti malowo adzaonekere, ndipo mawu amenewo muwalembe pamwamba pa bolodi, kuti chithunzi chilichonse chimene mukufuna kumatapo chiyambe chayesedwa kaye ndi mawuwo.

Kenaka gulani pepala lolimba la manila kapena dulani katoni yosada, kukula kwake ngati pepala la A3, lomwe ndi masentimita 42 m'litali ndi pafupifupi 30 m'lifupi. Sonkhanitsani zinthu zambiri momwe mungathere, koma dziwani kuti luso lenileni lili pochotsa. Pa zithunzi 30 zimene mwapeza, zofika pa bolodi zisapitirire 10, ndipo chimodzi chikhale chachikulu, chotsogolera zinzake. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, ndipo bolodi lodzaza zokoma zokhazokha limamugwetsa kasitomala chimodzimodzi, chifukwa lero aloza chithunzi ichi, mawa n'kukumbukira china chimene inu mudangochimata pofuna kudzaza mpata. Samalaninso ndi kukula kwa tizidutswa ta nsalu. Okongoletsa ambiri amatsata kagawidwe ka 60, 30 ndi 10, kutanthauza kuti pa magawo 100 a malowo mtundu waukulu utenge 60, wachiwiri 30, ndipo wongokometsera utenge 10. Ngati golide adzangooneka pa maliboni ndi pa zoikamo maluwa, pa bolodi akhalenso kachidutswa kakang'ono; mukamuika wofanana kukula ndi buluu, mwalonjeza holo ina imene simudzaipereka.

Pa nkhani ya nsalu musadalire chithunzi. Pemphani kachidutswa kusitolo kapena gulani theka la mita, ndipo musanakaonetse kasitomala funsani ngati nsaluyo ilipo yokwanira holo yonse, pakuti zimapweteka kuvomerezetsa mtundu kenaka n'kukapeza kuti mpukutu wake udatha. Kachidutswako mupite nako m'holo momwemo, mukakaone pansi pa magetsi a mmenemo pa ola limene mwambo udzachitike. Mababu amasiyana: amene pa paketi yake palembedwa 2700K amatulutsa kuwala kwachikasu kumene kumakometsa golide koma kumazilalitsa buluu, pamene a 6500K amatulutsa kuwala koyera mbee kumene kumadzutsa buluu n'kuzizilitsa golide. Nsalu ya satini imabweza kuwala ndipo imasintha maonekedwe munthu akangosuntha, pamene ya thonje imakhala momwe ilili. Mukagwirizana zonse, mwini mwambo asaine kuseri kwa bolodi ndi kulembapo tsiku, alijambule pa foni yake, ndipo bolodilo musunge inu. Mayi aja akadasaina pafupi ndi kachidutswa ka nsalu kamene adakagwira ndi manja awo, nkhani yakuti buluu si ameneyo ikadasowa poima.

FUNSO: Akuluakulu, ndine mnyamata wa zaka 24 ndipo ndimapanga malogo, zikwangwani ndi mamenyu pa laputopu. Mwini loji ina ku Cape Maclear wandipatsa ntchito yokonza chizindikiro chatsopano cha malo ake, menyu ndi chikwangwani cha pamsewu. Ndidatola zithunzi 40 pa Pinterest, tsamba la zithunzi la pa intaneti, n'kumutumizira pa WhatsApp, koma adangoyankha kuti zonse zili bwino. Tsopano sindikudziwa poyambira. Kodi ndalakwitsa pati? Ndine wojambula wachinyamata, Monkey Bay.

YANKHO: Achimwene, munthu akakuyankhani kuti zonse zili bwino mutamutumizira zithunzi 40, dziwani kuti wasokonezeka koma sakufuna kukukhumudwitsani. Chimene mudatumizacho ndi mulu chabe, ndipo mwamusenzetsa kasitomala ntchito yosankha, yomwe ndi ntchito yeniyeni imene akukulipirirani inuyo. Konzani mabolodi awiri okha, osiyana kwenikweni, kuti akasankha limodzi mudziwe chimene wakana. Mabolodi awiri ofanana ngati mapasa sakuphunzitsani kanthu, ndipo akapitirira atatu mwabwerera ku mulu uja.

Koma ine nkhawa yanga yaikulu ili pa komwe mudazitenga zithunzizo. Pinterest, imene idayamba m'chaka cha 2010, ndi nkhokwe yabwino, koma imakuonetsani zofanana ndi zimene mwadina kale komanso zimene anthu ambiri azikonda, mwakuti mukalemba mawu okhudza malo ogona alendo a m'mphepete mwa madzi mudzalandira zithunzi za ku zilumba za Bali, Zanzibar ndi Maldives, ndipo mnzanu wa ku Nairobi amene walemba mawu omwewo adzalandiranso zomwezo. Mlendo amene wapirira msewu wokhotakhota wa m'mapiri mpaka kufika m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear sadabwere kudzafuna Bali. Mudzi umenewo udazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, paki imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zake. Mbuna zokhazo, ndi mizeremizere yake ya buluu, yakuda ndi yachikasu, zikhoza kukudyetsani mitundu kwa zaka zambiri osabwereza. Tengani foni yanu muyende tsiku limodzi pagombe. Jambulani penti wosuluka pa maboti a matabwa, zilembo zolembedwa ndi burashi pa maboti omwewo ndi pa magolosale, usipa wonyezimira pa thandala, miyala ikuluikulu yotuwa ya pa chilumba cha Thumbi, khungwa la mlambe, kalukidwe ka mkeka wa mlaza, nkhwazi ndi nthenga zake zoyera, zofiirira ndi zakuda, ngakhalenso nyali za asodzi zimene usiku zimaoneka ngati mudzi woyandama panyanja. Lamulo limene ine ndidadziikira ndi lakuti theka la zithunzi za pa bolodi zikhale zimene ndajambula ndekha pa malo a kasitomala kapena pafupi napo.

Mukatero mabolodi awiri aja savutanso kupeza. Loyamba likhoza kukhala la bata, lokhala ndi mchenga, mlambe, bango ndi buluu wotuwa wa m'mamawa, komanso zilembo zoonda zotalikirana, loyenera loji yofuna alendo obwera kudzapuma. Lachiwiri likhoza kukhala la chisangalalo, lotenga buluu ndi chikasu cha mbuna ndi zilembo zonenepa ngati za pa maboti, loyenera malo a achinyamata oyenda ndi zikwama kumsana. Mwini malo akawaona pamodzi adzazindikira msanga kuti alendo ake ndi ati, ndipo nthawi zina ndi pamenepo pamene iye mwini amadziwira koyamba chimene akugulitsa. Pa bolodi lililonse lembani dzina lenileni la lojiyo m'makalembedwe awiri kapena atatu, koma musaikepo logo yomalizidwa kale ya loji ina, chifukwa kasitomala adzangoiloza n'kunena kuti mundipangire ngati imeneyi, ndipo inu mudzasanduka wokopera ntchito ya eni.

Za zipangizo sindichulukitsa mawu. Pulogalamu yojambulira ya Canva, imene idayamba mu 2013, ili ndi gawo laulere lokwanira ntchito imeneyi, ndipo ngakhale PowerPoint imatha. Chofunika n'chakuti pansi pa mtundu uliwonse mulembe nambala yake ya hex, ija ya zizindikiro 6 yoyamba ndi #, kuti mtunduwo ukhale ndi dzina losasintha. Kumbukiraninso kuti sikirini imapanga mitundu posakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, njira yotchedwa RGB, pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi za CMYK, ndipo buluu ndi girini wowala kwambiri wa pa sikirini inki sizimufikira, mwakuti papepala amatuluka wozilala. Kampani ya Pantone idayambitsa manambala ake a mitundu mu 1963 pofuna kuthetsa mkangano womwewu pakati pa ojambula ndi osindikiza, koma mabuku ake ndi okwera mtengo, choncho kwa inu njira yachidule ndi kusindikiza tsamba limodzi la mitundu yanu pa makina omwewo amene adzasindikize menyu, n'kukaonetsa pepalalo. Mitundu ya chikwangwani cha pamsewu isankhidwe pa tchati cha penti cha m'sitolo ya hadiweya, ndipo muchenjeze kasitomala kuti mtundu wofiira umafulumira kusuluka pa dzuwa, lomwe ku Monkey Bay silinyengerera.

Ine zimenezi ndidaziphunzira movutikira. Ndidatumizira mwini malo ena odyera bolodi pa foni, iye n'kuvomereza khoma limene ankaliona ngati la kirimu, osadziwa kuti foni yake idatcheredwa kuti usiku sikirini izichita chikasu poteteza maso. Penti atapakidwa adatuluka wotuwa monga ndidasankhira, ndipo zitini zokonzera khomalo ndidalipira ndine. Kuyambira pamenepo bolodi ndimakaonetsa ndekha pamaso, ndimafotokoza chifukwa chimene chithunzi chilichonse chilili pamenepo, kenaka ndimakhala chete kuti mwini wake alankhule. Ngati mtunda sukulola, tumizani bolodilo ngati PDF kudzera pa Document, chifukwa zithunzi zotumizidwa mwachizolowezi WhatsApp imazifinya ndipo zimafika chimodzichimodzi, dongosolo lanu lonse litabalalika. Mukatumiza imbani foni kuti muyendere limodzi tsambalo.

FUNSO: Kodi n'kulakwa kugwiritsa ntchito zithunzi za anthu ena pa bolodi langa? Mnzanga akuti ndikhoza kumangidwa. Ndine wophunzira zojambula, Malindi.

YANKHO: Mnzanuyo wakokomeza, koma sadaname kotheratu. Chithunzi chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi ndi zojambula monga limatetezera nyimbo ndi mabuku. Kuonetsa kasitomala mmodzi chithunzi cha wina pokambirana, uku mukunena poyera kuti ichi si changa koma chitsanzo chabe, ndi chizolowezi cha amisiri pa dziko lonse. Zinthu zimasintha mukatenga bolodilo n'kuliika pa tsamba lanu la Facebook ngati ntchito yanu, kapena mukalowetsa chithunzicho m'kabuku kotsatsa malonda a kasitomala. Pamenepo mukufunika chilolezo cha mwini wake, ndipo ngakhale lamulo likadapanda kukhalapo, kukopa anthu ndi keke kapena chipinda chimene simudapange ndi bodza limene limaululika pa oda yoyamba. Lembani pansi pa chithunzi chilichonse komwe mwachitenga. Masamba a Unsplash ndi Pexels amapereka zithunzi zololedwa kugwiritsa ntchito mwaulere, ndipo mafunso ozama a zaumwini mukhoza kupita nawo ku COSOMA, bungwe limene lakhala likuyang'anira nkhanizi kuyambira mu 1992. Mukamajambula nokha pagombe kapena pamsika, yambani mwapempha anthu amene nkhope zawo zioneke, pakuti mayi amene akutsuka mbale kunyanja sadabwerere bolodi lanu.

FUNSO: Alangizi, ine ndine telala. Mtsikana wina adabwera kuti ndimusokere madiresi 8 a operekeza ukwati. Ndidatha masiku awiri ndikusonkhanitsa masitayilo ndi tizidutswa ta zitenje, iye adajambula bolodilo pa foni, ndipo ndidangomva kuti wakasoketsa kwa telala wina wotchipa. Kodi ndiyambe kulipiritsa bolodi? Ndikuopa kuthamangitsa makasitomala. Ndine mayi wa ku Namwera.

YANKHO: Mayi, mbewa yamanyazi idafera kuuna. Masiku awiri amene mudathera pa bolodi lija ndi masiku amene makina anu adali chete, ndipo chimene mtsikanayo adachoka nacho ndi gawo lovuta kwambiri la ntchito yonse, pakuti kusoka diresi limene lasankhidwa kale atelala ambiri amatha, koma kudziwa kuti chitenje ichi chigwirizana ndi nsalu iyi pa matupi 8 osiyana kumafuna diso la zaka zambiri. Lipiritsani ndithu, koma mwanzeru. Kucheza koyamba, kumene mukungomvetsera ndi kuonetsa zithunzi za ntchito zanu zakale, kukhale kwaulere. Kasitomala akafuna kuti mumukonzere bolodi lakelake, apereke kandalama kogwirizana ndi masiku amene mutherepo, mwina kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo mumuuze kuti akakupatsani ntchitoyo ndalamayo idzachotsedwa pa mtengo wonse. Wofunadi kusoketsa kwa inu sataya kanthu, ndipo amene athawe ndi yemweyo amene akadathawabe ndi bolodi lanu m'foni.

Kasitomala adziwenso ntchito isanayambe kuti akhoza kusintha bolodi kawiri popanda kuwonjezera ndalama, ndipo kachitatu ndi ntchito yatsopano. Popanda malire amenewa mudzapezeka mukumata ndi kumatula mpaka sabata ya ukwati, makamaka azakhali ndi a komiti akayamba kuponyapo maganizo awo. Pa bolodi pasalembedwe dzina la sitolo kumene nsalu ikupezeka, kuchuluka kwa mamita kapena kadulidwe. Zimenezo zikhale m'kope lanu mpaka dipoziti italowa. Mabowo onse simungawatseke, ndipo za mtsikana amene adapita kale uja ine ndikadangozisiya, chifukwa kumulondola kungakudyereni masiku ena awiri.

FUNSO: Alangizi, ndine kontilakita wamng'ono ndipo ndikumalizitsa nyumba ya bwana wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Pafupifupi tsiku lililonse amanditumizira zithunzi za nyumba za kumeneko, lero akufuna khoma lakuda, mawa loyera, mkuja matailosi onyezimira, pamene akazi awo amene ali konkuno akufuna zina. Ndagula kale penti kawiri. Kodi bolodi lingathandize ndi munthu amene ali kutali chonchi? Ndine mmisiri wa ku Mpondasi.

YANKHO: Bambo, nkhani yanuyi amisiri anzanu a ku Mangochi aizindikira, chifukwa nyumba zochuluka ndithu m'bomali zikumangidwa ndi ndalama za ku Joni, eni ake akuyang'anira pa foni. Bolodi lingathandize kwambiri, ndipo kwa inu ntchito yake yoyamba ndi kutseka chitseko cha zithunzi zatsopano. Auzeni bwanawo mwaulemu kuti mukufuna kusonkhanitsa maganizo awo onse pamodzi kuti ndalama zawo zisapitirire kuonongeka, ndipo muwapemphe kuti pa zithunzi zonse zimene adatumiza asankhe 5 zimene azikonda koposa. Mayi a kunyumba nawonso asankhe 5 zawo. Mukaziyala pamodzi mudzapeza kuti kawirikawiri pamakhala china chimene awiriwo akugwirizana osadziwa, mwina onse amakonda zipinda zowala kapena matabwa ooneka mtundu wake wachilengedwe, ndipo bolodi mulimange pa chimenecho. Pa chithunzi chilichonse funsani kuti chawakopa n'chiyani kwenikweni, chifukwa munthu amatumiza chithunzi cha pabalaza ponse pamene chamusangalatsa ndi nyali imodzi ya kudenga, inu n'kuthamangira kukagula penti wakuda.

Ntchito yanu yachiwiri ndi kumasulira chithunzi cha ku Johannesburg kuti chigwirizane ndi kuno. Mzinda umenewo uli pamalo okwera mamita oposa 1,700 ndipo m'miyezi ya June ndi July kumazizira mpaka chisanu kugwa, pamene tawuni ya Mangochi ili m'chigwa, pa mamita osafika 500, ndipo kutentha kwa mu October ndi November mukukudziwa nokha. Khoma lakunja lakuda limene likuoneka bwino m'chithunzi cha ku Sandton, dera la ku Johannesburg, kuno limamwa dzuwa tsiku lonse n'kumabweza kutenthako m'chipinda usiku. Loyera mbee limathandiza pa kutentha, koma m'nyengo ya mvula kumunsi kwake kumathimbirira ndi matope odumpha, n'chifukwa chake amisiri ambiri amapaka mzere wa penti woderapo kuzungulira nyumba chakumunsi. Matailosi onyezimira amaterera akanyowa ndipo amaonetsa fumbi ndi mchenga uliwonse wolowa ndi mapazi, choncho pakhonde ndi kubafa pamafunika okhakhala. Zimenezi musangozinena pakamwa. Pambali pa chithunzi chilichonse chimene bwana adasankha, ikani chithunzi cha chinthu chofanana nacho chimene chikupezekadi m'masitolo a ku Mangochi, Zomba kapena Blantyre, pamodzi ndi mtengo wake ndi tsiku limene mwaufunsa, popeza mitengo ya zipangizo sikhalitsa pamodzi. Bolodi loonetsa zinthu zimene sizingagulidwe kuno lingangokuberekerani mkangano wina.

Konzani tsamba limodzi pa chipinda chilichonse chachikulu, ndi lina la kunja kwa nyumba. Tsegulani gulu la WhatsApp la anthu atatu, inu, bwana ndi mayi, ndipo nkhani zonse za kaonekedwe zizidutsa mmenemo kuti pasakhale wonena kuti sadauzidwe. Apempheni awiriwo akambirane paokha kuti mawu omaliza akhale a yani pa chipinda chiti. Inu za m'banja musazilowerere, koma musagulenso kanthu mpaka uthenga wakuti tavomereza utalembedwa pansi pa tsambalo. Chithunzi chatsopano chikabwera pambuyo pake musachikane, koma yankhani ndi mtengo wa kusinthako komanso masiku amene kuwonjezere pa ntchito.

Musanagule penti wambiri, gulani timatini ta lita imodzi ta mitundu iwiri imene yatsala pa mpikisano, mupake kawiri malo okwana mita imodzi mbali zonse pa khoma lenilenilo, ndipo mudikire aume, chifukwa penti wonyowa ndi wouma saoneka mofanana. Jambulani malowo m'mawa, masana ndi madzulo, mutagwiriziza pepala loyera pambali pake kuti diso la amene ali kutali likhale ndi poyerekezera. Mayi amene ali pafupi abwere adzaone ndi maso awo ndi kugwira matailosi ndi manja, popeza iwo ndi amene azikhala m'nyumbamo tsiku ndi tsiku, ndipo bwana aonere pa vidiyo nthawi yomweyo. Penti amene mudagula kale uja musamutaye. Ngati zitini sizidatsegulidwe funsani kusitolo ngati angakusinthireni, ndipo wotsegulidwayo akhoza kupakidwa m'chipinda chosungiramo katundu, kukhitchini yakunja kapena mkati mwa mpanda.